Nguluwe Zasamukira Kumanda

Loweruka lapitali ndinapalasa njinga kuchoka kuno ku Fort Jameson kupita kwathu, kufupi ndi Tamanda, kukaona mlongo wanga Nabanda. Njira yonse mate anali chuchuchu poganiza za chimanga chachiwisi chootcha. Koma ndinakapeza nkhope zakugwa.

Ndisanapume n'komwe, alamu anga a Jere ananditengera kumunda. Mizere ya chimanga inali lambalamba pansi, zitsononkho zili mbwee. Nguluwe!

Tsono a Jere si munthu waulesi. Kumbali ya munda yoyang'ana kuphiri anakumba mbuna zitatu, n'kumanga nsanja yolonderapo, monga ankachitira malemu bambo athu. Kwathu ngakhale mwana amadziwa kuti nguluwe imatsika kuphiri. Koma mbuna zonsezo zinangogwira mbuzi imodzi ya anansi, yomwe eni ake akulalatabe mpaka lero.

"Alamu, ndayang'ana phiri milungu itatu," anatero a Jere, "osadziwa kuti akuba akundilowera kumbuyo."

Tinalondola mapazi a nyamazo. Sanaloze kuphiri ayi. Anatifikitsa pamsitu wa kumanda kwathu.

Mmene zilili ndi umu. Chiyambire chipwirikiti chokana Chitaganya cha maiko atatuchi, asilikali anamanga matenti m'tsinde mwa phiri lija kuti azilondera malire. Malole akungoyenda, mfuti zikulira poyeserera, mitengo ikugwa ya nkhuni. Inuyo mukanakhala nguluwe, mukanakhalabe pamenepo?

Nyama siiwerenga nyuzipepala, ndipo Chitaganya siichidziwa. Imangodziwa kuti kwawo kwafika phokoso. Agwape tsopano akuoneka kudambo kumene azimayi amachapa. Anyani akhazikika m'mitengo ya kusukulu, ndipo aphunzitsi akuti amafika m'mawa kuposa ana. Nguluwe, pokhala zochenjera, zasankha malo amodzi omwe munthu salowa ndi galu kapena nkhwangwa.

Ife m'tauni timakamba za anthu omangidwa ndi othawa kwawo, ndipo n'koyenera. Koma za nyama zothawa, ndi minda imene zimakafikira, palibe amakamba. Timangoti, "Nyama zalusa chaka chino," ngati zinachita kupangana pamsonkhano.

Titaima pamphepete pa msituwo, a Jere anavula chipewa n'kutsitsa mawu.

"Alamu, ine ndine mkamwini, sindingayambitse nkhani ya manda a eni ake. Mwini mbumba ndinu. Kalankhuleni ndi akuluakulu atilole tilowemo ndi agalu, apo ayi mwezi uno ukamatha munda wonse psiti."

Mayi ndi bambo athu agona mmenemo. Agalu azikauwa pamitumbira yawo, magazi a nguluwe azikakhetsedwa pomwepo? Ndinakana, ndipo ndinakana ndi mawu ambiri okoma, monga timachitira ife a kusukulu.

Mlongo wanga anali chapafupi m'mundamo, akutolera chimanga chotsala m'dengu. Anaweramuka n'kundiyang'ana.

"Achimwene, inu mumadya za kusitolo. Ana anga amadya za m'munda muno."

Ndinachita manyazi, ndipo sanandichokebe. Njinga inalemera pobwerera ngakhale kuti sindinanyamule kanthu.

Ndinawalonjeza kuti ndibwerako Loweruka likudzali ndi yankho. Lero ndi Lachinayi, yankho ndilibe. Nguluwe sindingazidzudzule, nazonso zinathamangitsidwa kwawo. A Jere ali ndi mfundo, akuluakulu akakana adzakhalanso ndi mfundo.

Ndiye inu mabwana amene munaloza phiri lathu pamapu n'kutumizako asilikali, mwina mumayesa kuti kunali kopanda eni. Tandithandizani tsono: mlongo wanga ndikamuuze kuti tisokoneze makolo athu m'manda, kapena kuti ana ake agone ndi njala?