Chigamba Chachikasu pa Chofunda cha Tabitha

Mlongo wanga Tabitha anali telala wa pakhonde kwathu ku Mwadzama. Makina ake akalira, asodzi a ku Bua ankathawitsa mabwato poyesa kuti kukubwera sitima. Kansalu kotsala sankataya. Tikanamulekerera, akanasoka ndi mamba a chambo omwe.

Chaka chimene tinavota koyamba m'matipate, mwana wake Iness, yemwe anakwatiwa ndi Sufiyani, mnyamata wa Chisilamu, anabwera kudzacheza atavala chitenje chachikasu cha chipani chatsopano. Bambo ake, mlamu wanga Timoteyo, anali wa chipani chakale mpaka m'mafupa. Anamubweza pakhomo. Asanayanjane, Timoteyo anamwalira, ndipo chimanga chisanache Iness anatsatira, ndi matenda aja ankatitengera achinyamata. Bambo anagona kumanda a Angilikani, mwana kumanda a Asilamu, komwe Tabitha sanafike poti amayi sapitako.

Zovala zitagawidwa, iye anatenga zokutha zimene abale anazikana, Sufiyani n'kumubweretsera chitenje chija. Tabitha anadula zonse m'zigamba zofanana, akuyezera kachidutswa ka katoni, n'kuziyala pamphasa atazitsamiza miyala kuopa mphepo ya mwera. Ankafuna kusoka chofunda. Khaki wolimba anamuika kumiyendo, zofewa kumutu, chakuda moyandikana ndi chowala. Pakati penipeni panali shati yoyera ya Timoteyo ya kutchalitchi, pambali pake mpata.

Mpatawo unakhala mpaka nkhuku zinayamba kukambirana zoikirapo mazira. M'mawa chigamba chachikasu ankachiikapo, masana n'kuchisunthira kungodya.

"Achemwali," ndinatero, "chofundachi mudzachimaliza ine nditamera mano ena. Anthu awiriwa mukawagundanitsa adzakumenyeranani pamimba kufikira kucha."

"Pakamwa panu, achimwene, ndidzapasoka ndi ulusi wa thumba."

"Ikani nsalu yanu pakati, iwaleretse."

Anayeseradi, ndi kansalu ka diresi lake laukwati. Anayang'ana nthawi yaitali, n'kukachotsa.

"Ndinakhala pakati pawo ali moyo. Zinathandiza chiyani?"

Anagundanitsa chachikasu ndi choyera, nadutsitsa msoko kawiri.

Tsono telala aliyense amadziwa kuti nsalu yachipani, yogawa ulere pamsonkhano, uyambe wainyika m'madzi amchere usanailumikize ndi yoyera. Tabitha ankadziwa kuposa tonse. Zina zonse anazichapa, koma chitenjecho ayi, chifukwa chinkamvekabe mafuta amene Iness ankadzola. Anafunda chofundacho nyengo yonse yozizira, ndipo ngakhale chinali chachikulu chokwana mudzi ndi mbuzi zake, iye ankachipinda kuti chikasucho chifike pamphuno.

Litsiro litachuluka anapita nacho kumadzi. Ndinamupeza atachiyanika pa udzu. Chikasu chinali chitasulukira mu shati ya Timoteyo mpaka pathumba.

"Taonani, mlamu walowa chipani chatsopano," ndinatero. "Mwana wamukopa."

Anaseka pang'ono, kuseka koyamba chichokereni maliro. Kenako anagwada n'kuika mphuno pachigambacho. Ananunkhiza apa, ananunkhiza apo.

"Achimwene, chikungomveka sopo."

Ine amene sindisowa chonena ndinangomuthandiza kupinda.

Anasokabe mayunifolomu a ana asukulu mpaka maso anachita chifunga. Atamwalira, amayi a mumpingo anafuna kuchapa chofundacho asanamufunditse m'bokosi. Ndinawauza kuti chinachapidwa kale.