Masamba pa Msewu wa ku Ntaja

Ndalemba nkhani iyi chifukwa anthu a kwathu ku Utale adzafuna kudziwa chimene chinachititsa kuti ine, amene ananditumiza ku komiti yachitukuko kuti ndikawalankhulire, ndivomereze njira yosafika kwawo. Sindifuna kuti akazimve pamsika.

Abwenzi akunja pamodzi ndi boma analonjeza ndalama zomangira njira ya oyenda pansi ndi a njinga m'mbali mwa msewu waukulu wochoka ku Balaka, kudutsa pa Liwonde, kulowera ku Ntaja. Ntchito inali yoti iyambire ku Ntaja, koma ndalamazo sizinali zokwanira msewu wonse, choncho tinayenera kusankha. Njira yopapatiza ikanatalika mpaka pa mphambano ya kwathu, pamene ana athu amapanikizana ndi malole popita kusukulu. Yotakata ikanathera kutali ndi ife. Ine ndinali kumbali ya yopapatiza. Komiti itagawikana, inatuma anthu anayi kuti tikaone msewuwo ndi maso tisanayankhe eni ndalama.

Ndinanyamuka pa depoti ya Balaka m'mawa pamodzi ndi a Kalonga, injiniya wathu. Kondakitala wa minibasi anati mtengo wakwera chifukwa cha mafuta. Nditamufunsa ngati mipando yake yothyokayo yakweranso mtengo, anandiika kutsogolo n'kuyamba kunditchula kuti madamu. Pakati pa malambe tinkapitirira njinga za makala, ndipo dalaivala akaliza hutala zonse zinkagwera m'fumbi. Pa mphambano ya kwathu ndinakodola a Kalonga kuti aone ana a yunifolomu ataima m'ngalande kudikira kuti tidutse.

Pa Liwonde, tsidya la Shire, tinakumana ndi anzathu awiri: Che Bwanali, mkulu wa akabaza onyamula anthu pa njinga, ndi Abiti Saidi, amene amagulitsa nsomba za ku Chiuta. Tinamwa tiyi ndi zitumbuwa, kenaka Che Bwanali anakana kuti tikwerenso galimoto, naitana anzawo awiri opalasa.

"Amayi, msewu uwu ndi wabwino kwambiri ukakhala m'galimoto. Kwerani apa muumve."

Ndinakhala cham'mbali pa kaliyala wa njinga yawo, nditamanga chitenje monga kuyenerera.

"Mugwire chitsulo, osati ine," anatero. "Akazi anga ali ndi abale ambiri m'njira muno."

Ndinawatsimikizira kuti ganizo limenelo ndinalibe. Abiti Saidi anaseka mpaka wakabaza wawo anadandaula kuti njinga ikugwedera.

Lole yoyamba itatidutsa, mphepo yake inandikankha ngati dzanja la munthu, ndipo ndinatchula dzina la Amayi Maria mokweza. Pachitunda china tinaimitsa bambo wonyamula dengu la nsomba zouma. A Kalonga anayeza denguyo ndi tepi, nanena kuti pa njira yopapatiza angadutse, malinga kutsogolo kusabwere wina. Ine ndinati anthu angathe kudikirana, pakuti kudekha ndi khalidwe.

"Kudikirana ndi ndani, madamu?" anatero Abiti Saidi. "Tsiku la msika mudzadikira mpaka nsomba zanu zimere mizu."

Dzuwa lili pamutu, titapitirira Molipa, tinapeza masamba aawisi atayalidwa pa phula, chizindikiro cha maliro. Che Bwanali anatsika, nanenso ndinatsika. Onse a njinga, kutsogolo ndi kumbuyo, anatsika n'kumakankha. A Kalonga anavula chipewa. Lole ya simenti imene inkabwera ikubangula inachepetsa liwiro, inaima, inazima. M'minibasi ina anatseka wailesi. Ndayenda pa misewu ya dziko lino zaka zambiri, koma ndinali ndisanamvepo njiwa ikulira ndili pakati pa phula.

Kenaka amuna anatuluka kumzikiti atasenza jeneza, chonyamulira maliro cha anzathu Achisilamu, yokutidwa ndi nsalu yobiriwira. Ankayenda mofulumira, akubwereza mawu a pemphero motsitsa. Munthu ankasenza pang'ono, wina n'kulowa pansi pake, wochokayo n'kuthamangira kutsogolo kukadikiranso. Mapewa ankasintha mosalekeza mbali zonse ziwiri, koma jenezayo sinagwedezeke. Inkayenda pamwamba pa mitu yawo ngati bwato pa madzi odikha. Che Bwanali anandisiyira njinga, nakaika phewa pa jeneza. Dalaivala wa lole uja anatsika manja ali mafuta okhaokha, nayenso anasenza. 

Che Bwanali atabwerera ndinawafunsa ngati malemuyo amawadziwa.

"Iyayi, amayi. Ndangowapeza panjira."

A Kalonga anagwira thumba la tepi. Ndinawauza kuti asaitulutse, chifukwa si ulemu.

"Sindimafuna kuyeza, mayi," anatero monong'ona. "Ndaona kale. Awa pa njira yopapatiza sangakwanepo. Ngakhale ambulansi ya njinga itakumana ndi dengu lija, wina abwerera pa phula pomwepo."

Maliro atakhotera kumanda, mkulu wina anachotsa masamba aja. Lole inalira, minibasi inaliza hutala, ndipo tonse tinathawiranso m'fumbi. Ndinaganiza mumtima kuti malemuyo apatsidwa kwa kanthawi kochepa malo amene sanapatsidwepo ali moyo. Ndinazindikiranso kuti kuno anthu sayenda mmodzimmodzi monga tinawajambulira pa mapulani. Amayenda ndi katundu, ndi odwala, ndi akufa awo.

Tinafika pa Ntaja chakumadzulo, miyendo itachita dzanzi, ndipo tinakhala pakhonde la sitolo kuti tigwirizane yankho. Ndinapempha kulankhula poyamba. Ndinati njira imene anthu adzaisiya n'kubwerera pa phula si njira, ngakhale itafika pakhomo panga, choncho imangidwe yotakata. Ndinaonjeza kuti zilembedwe kuti thandizo lina likadzapezeka, ntchito idzayambire pa mphambano ya ku Utale. Onse anavomera. Ndikudziwa bwino kuti thandizo limenelo palibe amene walilonjeza, ndiponso kuti ana aja adzaimabe m'ngalande. Lamulungu Misa ikatha ndidzaima pamaso pa makolo awo ndi kuwawerengera zimenezi.

Amene analipo pa ulendowu ndi awa: a Kalonga, injiniya, Che Bwanali, woimira akabaza, ndi anzawo awiri opalasa, Abiti Saidi, woimira amalonda, ndi ine, Mayi Nakhumwa, woimira anthu a ku Utale, amene ndabwerera kwa iwo chimanjamanja.