Chitsulo cha m'ntchafu mwanga

Ndikakumbukira Che Saidi, m'mphuno mwanga mumabwerera fungo la chitsulo chopsa losakanikirana ndi utsi wa makala a m'mawa, pamene chifunga cha ku Lichinga chinali chisanachoke pa madenga a ku Namacula. Iwo ankakhala kuseri kwa mpanda wathu. Ntchito yawo inali yowotcherera zitsulo, ndipo tsiku lonse tinkamva kulira kwa makina awo opalira, kenaka chifuwa chawo, kenaka wailesi yomwe sankaimvera n'komwe. Sanali munthu wocheza ndi ana. Mpira ukagwera mu ofisina mwawo, momwe ankagwirira ntchitomo, tinkangouiwala.

Ndili ndi zaka khumi ndi zitatu ndinagwa panjinga ndikuchokera kumsika ndi thumba la mbatata, fupa la ntchafu n'kuthyoka. Kuchipatala anandichita opaleshoni, nalumikiza fupalo ndi kachitsulo kotalika komangidwa ndi maparafuzo, timisomali topota. Nditabwerera kunyumba, mnzanga wina wa kusukulu anabwera kudzandizonda, ndipo mosaganizira anati, “Chitsulo chikanyowa chimachita dzimbiri. Nanga m'thupi si monyowa?”

Mawu amenewo anandilowa. Ndinkayang'ana malata athu ofiira ndi khasu lodyeka la amayi, n'kumaona zomwezo zikuchitika mkati mwanga. Mwa nzeru zanga zachibwana ndinaganiza zouma. Ndinasiya kumwa madzi, tiyi ndinkamuthira m'munda wa kabichi, kusamba ndinkangonamizira. Pofika tsiku lachitatu milomo inali itang'ambika, mutu ukuzungulira, ndipo ndinagwa pakhonde ndi ndodo zanga zoyendera zomwe.

Amayi atandipanikiza ndinaulula ndikulira. Anandikalipira, anandinyengerera, koma ine kukamwa ndinatseka. Zonsezi Che Saidi ankazimva kuseri kwa mpanda. Tinangoona atulukira, chovala chawo chodzaza timabowo ta moto, atanyamula botolo lagalasi, msomali ndi kachidutswa ka chitsulo chowala.

“Mayi a Lusiya, ndipatseniko mchere,” anatero, poitana amayi ndi dzina langa. Anasungunula mchere wambiri m'madzi, naponyamo msomali ndi kachidutswa kaja, n'kundiyang'ana. “Iwe, madzi awa ndi oipa kuposa magazi ako. Ichi chowalachi timachitcha inokisi. Ndachiwotcherera zaka zambiri ku Nacala, kumene mphepo ya kunyanja imadya chitseko chachitsulo ngati chiswe. Mapaipi, matanki osungiramo zakudya, zitsulo za m'maboti, zonse zinali za ichi.”

Ndinafunsa chomwe chimachiletsa kuchita dzimbiri. Anati pochipanga amasakanizamo zitsulo zina, ndipo pamwamba pake pamabadwa kakhungu kosaoneka ndi maso, komwe ukakakanda kamadzipoletsa kokha. Anati pali mtundu wina umene amauchepetsera karibono, chimodzi mwa zosakaniza za m'chitsulo, kuti ngakhale pamene pawotchereredwa pasayambire kudyeka, ndipo anamvapo kuti madotolo amakonda womwewo.

“Koma ine m'mwendo mwako sindinalowemo,” anatero. “Ukapita kukaonetsa bala, ukamufunse dotolo. Pakadali pano tipangane: botolo likhale pawindo lako sabata yathunthu, ndipo m'mawa uliwonse usanaliyang'ane uzimwa kapu ya madzi. Chowalachi chikafiira, ndidzasiya nawe kumwa ine ndemwe.”

Ndinamwa kapu yoyamba. Tsiku lachiwiri madzi a m'botolo anayamba kuoneka ngati tiyi, ndipo sindinkadziwa kuti dzimbirilo likuchokera kuti. Che Saidi ankangosuzumira pampanda, “Wamwa?” Ndikavomera ankabwerera ku makina awo.

Sabata itatha anabwera ndi pulayala. Anavuula msomali uli wofiira, ukunyenyeka pansonga. Anavuula kachidutswa kaja, nako kali ndi matope ofiira, ndipo ine ndinaganiza kuti kachita dzimbiri. Anakapukuta pa buluku lawo kamodzi kokha, kakuwala monga kanalowera. Dzimbiri lonse linali la msomali.

Ndinaseka mpaka misozi, amayi atakhala pansi atagwira pachifuwa. Tsiku lokaonetsa bala ndinamufunsa dotolo, iye n'kuvomera kuti ndi inokisi ndithu, wopangidwira kukhala m'thupi la munthu. Nditakawauza Che Saidi anangoti, “Alihamudulila,” n'kutsitsa chigoba chawo chotetezera kumoto kumaso, kupitiriza kuwotcherera geti la munthu.

Che Saidi anamwalira ndili kale pabanja. Chitsulo chija chikadali m'ntchafu mwanga, ndipo ndayenda nacho mitunda, ndaberekera nacho ana atatu. Mwezi wa Juni kukazizira chimandikumbutsa pang'ono kuti chilipo. Mwana wanga akabwera ndi mantha omwe ine ndikuona kuti ndi opanda pake, mawu okalipa amafika pakamwa, koma ndimawameza, n'kuyamba ndamufunsa kuti andionetse chimene akuopacho.