Khosi la Mayi Tepi ndi Dalaivala wa Buledi

Achemwali anga ndi telala. Mu mzere wa mashopu momwe timagwira ntchito amadziwika kuti Mayi Tepi, chifukwa tepi yoyezera sichoka m'khosi mwawo. Shopu yathu ndi kachipinda kamodzi: makina awiri, tebulo lodulirapo nsalu, kalilole wamtali wong'aluka pakona, ndi katani yomwe makasitomala amayesera zovala kuseri kwake. Iwo amadula ndi kusoka, ine ndimapinda m'mphepete, kuika mabatani ndi kusita.

Ndi munthu wosakhulupirira msanga. Kasitomala akati, "Chiuno changa ndi chomwe chija," iwo amangoti, "Tione," n'kumuyezabe. Nsalu ikabwera amaitambasula pakhomo kufunafuna pobooka, kuti mawa wina asadzanene kuti taboola ndife. Khalidweli silinangobwera lokha. Atangoyamba ntchito, mnzawo amene ankasoka naye anasamuka ndi makina awo osatsanzika, ndipo chiyambire pamenepo munthu akawasekerera kwambiri amayamba kumuyang'ana m'manja.

Loweruka lina m'mawa alamu, amuna awo, anawatenga pa galimoto kukagula nsalu za yunifolomu. Ataima pa maloboti, galimoto yonyamula buledi inawagunda kumbuyo. Sikunali kugunda kwamphamvu ayi. Bampala anangopindika, nyali imodzi n'kusweka. Dalaivala wake, bambo wamtali wa imvi m'mbali, anatsika n'kupepesa mpaka mawu kutha, akuti buleki inachedwa kugwira. Magazi panalibe. Anapatsana manambala ndi alamu kuti adzakonzetse bampala, aliyense n'kumapita. Achemwali anasoka mpaka madzulo, akufotokozera makasitomala nkhaniyo uku akuseka.

Kutacha, khosi linali litauma ngati thabwa. Kuti ayang'ane kumbali ankatembenuka thupi lonse. Mutu unkawawa kuchokera m'nkhongo, mapewa akulemera, ndipo atayesa kuweramira makina anaona chizungulire. Ndinawaperekeza kuchipatala. Anawajambula khosi, dokotala n'kunena kuti mafupa onse ali bwino.

"Ndiye chikundipweteka n'chiyani, adokotala?"

"Galimoto ikagundidwa kumbuyo, thupi limakankhidwira kutsogolo pamodzi ndi mpando, mutu n'kutsalira," anatero dokotalayo akusonyeza ndi dzanja. "Umagwera kumbuyo, kenako n'kubwerera kutsogolo ngati nsonga ya chikwapu. Minofu ndi minyewa ya m'khosi imakokeka. Zimenezo pachithunzi ichi sizioneka, ndipo kawirikawiri ululu umadzayamba pambuyo pake."

Anawapatsa mankhwala, n'kuwauza kuti asamangoumitsa khosi koma aziliyendetsa pang'onopang'ono. Anati manja akachita dzanzi kapena kufooka, abwerere msanga.

Kunyumba alamu anangogwira mawu amodzi okha, akuti mafupa ali bwino.

"Mayi, inenso ndinali m'galimoto momwemo," anatero. "Bwanji ine ndikutembenuka bwinobwino?"

"Inu munaiona pa kalilole ikubwera. Ine ndinali nditapotoloka, ndikufuna foni m'chikwama. Komanso chotsamira mutu cha mpando wanga munachichotsa ndinu."

Kuyambira pamenepo alamu anayamba kuwazonda. Ankawaitana mwadzidzidzi kuchokera kumbuyo kuti aone ngati atembenuke. Makasitomala nawo ankayang'ana khosi lopanda bala ndi mulu wa yunifolomu zosasokedwa, n'kutuluka akunong'onezana. Mayi wina anachita kunena mokweza kuti matelala ntchito ikawachulukira sasowa matenda.

Ndiye kunabwera dalaivala uja. Anaima pakhomo la shopu, chipewa chili m'manja.

"Mayi, ndimati ndikuoneni. Khosi likupeza bwanji?"

"Za khosi wakuuzani ndani?"

"Abambo akunyumba, pomwe timakambirana za bampala."

"Likupeza momwe likupezeramo," anatero achemwali osamupatsa ndi mpando womwe.

Sabata isanathe anabweranso, ndi thalauza loti tifupikitse. Titaliyeza tinapeza kuti linali lomukwana kale. Ali chiimire anayamba mafunso. Kuchipatala anati chiyani? Mankhwala ake ndi otani? Mumagona chotani? Ululu umafika m'manja? Atachoka, achemwali anatseka chitseko.

"Waona? Amutuma abwana ake. Akufuna adziwe ngati ndikunama, kuti nkhani ikadzakula adzati mayi uja tinamuona akusoka."

"Mwina ndi chisoni chabe, achemwali."

"Chisoni chofunsa dzina la mankhwala?"

Inenso ndinayamba kuona chimodzimodzi, chifukwa masana ena galimoto ya buledi inkaima tsidya la msewu, dalaivala uja ali m'kati, nkhope italoza kushopu kwathu. Achemwali anandiuza kuti ndisunthe makina awo achoke pawindo. Akangoona galimotoyo ankasiya chilichonse n'kukhala chowongoka, khosi gwa. Ikachoka ankakwiya okha.

"Taona zomwe andisandutsa," anatero tsiku lina akusisita phewa. "Ndikudwala zenizeni, koma ndikuchita ngati wonamizira. Mpaka ine mwini ndayamba kudzifunsa ngati likupwetekadi."

Ulendo wotsatira bamboyo anabwera ndi nsalu, akuti timusokere shati. Achemwali anandiponyera diso, n'kuchotsa tepi m'khosi.

"Imani apa tikuyezeni."

Anamuyeza chifuwa, anamuyeza mikono. Atafika pamapewa anati, "Tayang'anani uko." Bamboyo anasuntha mapazi n'kutembenuka yense, monga momwe iwo ankachitira. Achemwali anaima kaye. Kenako anazunguliza tepi m'khosi mwake n'kukanikiza ndi chala pansi pa nkhongo. Munthu wamkulu uja anafuula, n'kugwira tebulo.

"Bambo, khosi ili layamba liti?"

Anakhala pa mpando wanga, thukuta lili kamukamu. "Tsiku lotsatira lomwe lija, mayi."

"Kuchipatala munapita?"

"Ndikapita, kuntchito adziwa. Dalaivala wosatembenuka khosi amamutsitsa. Ana anga akadali pasukulu. Ndiye ndimati ndizimva kwa inu zomwe adokotala akuuzani, ndizichita zomwezo."

"Nanga kuima tsidya lija?"

"Ndimafuna kulowa, koma nkhope yanu imandibweza."

Ine ndinaseka, koma achemwali sanaseke. Anamufunsa za manja, iye n'kuvomera kuti zala ziwiri za kumanja zimachita dzanzi akagwira chiwongolero nthawi yaitali. Apo ndiye achemwali anapsa mtima zenizeni.

"Mukuyendetsa chigalimoto chonse chija musakutha kuyang'ana kumbali? Mwandipweteka ine, mukufuna mupwetekenso mwana wa mwini akuwoloka msewu? Mankhwala anga si anu. Za dzanzizo adokotala anati n'zothamangira nazo. Nyamukani."

Anaimbira alamu kuti abwere ndi galimoto, amutengere kuchipatala. Alamu atafika anapeza bambo uja akulephera ngakhale kuwerama kuti atole chipewa chake. Anamuthandiza kukwera, ndipo njira yonse anayendetsa mofatsa ngati anyamula mazira. Madzulo ake ndinawaona akufukula m'kachipinda kosungira katundu. Anatulutsa chotsamira mutu chija, n'kuchipukuta fumbi, n'kukachibwezera pa mpando. Za kupepesa sanatchule, koma kuitana kochokera kumbuyo kuja kunatha, ndipo anayamba kuwafunditsira okha madzi othowera.

Dalaivala uja kuchipatala anamuuza kuti asiye kaye kuyendetsa. Abwana ake anakalipa, koma sanamuchotse. Anamuika pawindo logulitsira buledi mpaka dzanzi litatha.

Achemwali anachira mochedwa kuposa momwe ankafunira. Tinakweza tebulo la makina ndi matabwa kuti asamawerame kwambiri, ndipo anaphunzira kudzuka pakatipakati n'kuyendetsa khosi uku ndi uku, ngakhale pali kasitomala. Yunifolomu zina anazipereka kwa telala mnzawo wa kuseri, atawerenga okha mabatani onse pamaso pake. Mpaka lero kukazizira kapena akasoka tsiku lonse, khosi limawakumbutsa.

Shati ija anaisoka, ndipo inamukhala bwino. Bamboyo akamadutsa amaliza hutala, iwo n'kukweza dzanja. Tsiku lina galimoto itangodutsa ndinati, "Koma ndi munthu wabwino, eti?"

"Ndi wabwino," anatero akudula ulusi ndi mano. "Koma zoti buleki inachedwa kugwira pa maloboti paja, zimenezo akauze ena. Ameneyo anali pa foni."