Mluzu wa Abambo

Mawu a abambo ndimawamva mpaka lero, koma nkhope yawo inandithawa kalekale. Anawatenga ndili wamng'ono, nthawi ya chipani chimodzi, ndipo sanabwererenso. Chithunzi chawo chinalipo chimodzi chokha, amayi anachiwotcha chifukwa cha mantha. Chimene chinanditsalira ndi mmene ankalankhulira ndi ng'ombe zapangolo potsika phiri kwathu ku Ntchisi: poyamba kutsokomola, kenako mluzu, kenako “Tiyeni anyamata, pang'onopang'ono.” Ndikatsinzina kuti ndiwaone, ndinkangoona chipewa.

Kwa achemwali anga aakulu zinali zosiyana. Iwo nkhope ankaiona, mawu ayi. Ankati abambo amawabwerera m'mutu opanda mawu, ngati munthu ali kuseri kwa galasi la basi.

Matipate atabwera, anthu anayamba kutchula otengedwa aja mosanong'ona. Mkazi wanga anali woyembekezera, ndipo ine ndinauma mutu: mwana wanga sadzakula osadziwa nkhope ya agogo ake. Ndinawakweza achemwali panjinga mpaka ku Mponela, kwa bambo wina wojambula mitu ya anthu pazipupa za malo ometera.

Achemwali anafotokoza chipumi, makutu, ndevu, bamboyo n'kumajambula pathabwa. Pathabwapo panatuluka munthu wooneka bwino ndithu, koma mlendo. Achemwali anati chilipo chikusowa, koma kuti n'chiyani, osadziwa. Wojambulayo anafufuta, anayambiranso, mapeto ake anatiuza kuti iye si sing'anga woti n'kudzutsa akufa. Ndinapsa mtima. Ndinanenetsa kuti pakhonde pakepo sitichoka, kaya dzuwa lilowe.

Tili chikhalire, mumsewu munadutsa ngolo ya mabelo a fodya, mwini wake akukwapula ng'ombe mopanda chisoni. Zinandinyansa. Pofuna kumuonetsa mmene amachitira odziwa, ndinatsokomola, ndinaimba mluzu, n'kunena mawu a abambo aja mmene ankawanenera. Achemwali anandigwira mkono mwamphamvu.

“Achimwene, tabwerezani.”

Ndinabwereza, iwo atatsinzina.

“Mpata,” anatero. “Anali ndi mpata m'mano, mluzu unkatulukira pamenepo. Pakamwa pankapendekera kumanzere.”

Zaka zonsezo achemwali ankawakumbukira abambo atatseka pakamwa, monga analili pachithunzi chowotchedwa chija. Khutu langa linasunga chimene diso lawo linataya, ndipo palibe mwa ife akanatha yekha. Wojambula uja anatenganso burashi, osadandaulanso.

Thabwalo tinalikulunga m'chitenje. Pachitunda cha ku Malomo njinga ndinkaikankha, achemwali atalikumbatira, ine mtima uli m'mwamba kuopa kuti tikutengera amayi mlendo.

Tinawapeza akusola chimanga pakhonde. Nditavundukula, analiyang'anitsitsa. Kenako anasasa manja, anakonza duku lawo, n'kulankhula ndi thabwalo motsitsa mawu.

“Mwachedwatu, bambo a ana.”