Mphepo ya ku George

Anandiitana Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Ogasiti, ndili pamakina. Kapitawo anati kugeti kuli alendo anga. Ndinapeza amuna awiri ovala masuti otuwa, wamtali ndi wamfupi. "Ba mdala, tiyeni tikambeko chabe, muzabwela manje manje," anatero wamtaliyo.

Ndinkagwira ntchito pafakitale ya matabwa opanikiza utuchi ndi guluu. Matumba osefa fumbi anali atang'ambika kalekale, ndipo abwana ankati dziko lilibe ndalama zakunja zogulira ena. Zaka zimenezo ngakhale sopo tinkachita kuimira pamzere. Choncho utsi wowawa m'maso unkangofuka, mphepo n'kumautengera kwathu kukomboni ya George. Mwana wanga wamkazi, wodwala mphumu, akamapuma ankamveka ngati akuimba mluzu.

Mlandu wanga unali mawu amene ndinanena m'basi: "Mphepo ikachinja, tizapumako." Aliyense wa ku George amadziwa kuti mvula ikayamba mphepo imatembenuka, utsi n'kulowera kwina. Koma wina m'basimo anali khutu la boma.

M'chipinda chopanda zenera chimene amuna aja ananditengeramo, funso linali limodzi lomwelo. "Mphepo iti? Ni ndani wamene azaichinja? Tipatse maina." Ndinafotokoza za utuchi, za guluu, za chifuwa cha mwana. Wamfupiyo anaseka. "Uyu ni wochenjela, akamba m'miyambi." Kenako anandipachika pachitsulo pakati pa matebulo awiri. Zotsatira zake sindilemba. Dzanja langa lamanzere silikunga chibakera mpaka lero. Dzina ndikanawapatsa, Mulungu andikhululukire, koma woyendetsa mphepo ndi Iye yekha.

M'selo tinkagona mothithikana, pafupi ndi chidebe. Anzanga ankatchera khutu kuchitseko, ine kudenga. Tsiku limene mvula inagunda malata, mu Novembala, ndinalira ndi chimwemwe, ndikuti tsopano mwana wanga wapumako.

Ananditulutsa mu Disembala, osaonako khoti. Mlonda wa pachipata anandiponyera lamba wanga. "Yenda ukapume, mdala. Va mphepo usakambe futi."

Ku George kumwamba kunali mbee, utsi ukupita kwa ena. Mkazi wanga ndinamupeza atameta mpala. Anangoti, "Mwana tinamuika mu Okutobala, mvula ikalibe kubwela."

Lolemba ndinabwerera pamakina, poti njala siidziwa maliro. Matumba aja anali chikhalire ong'ambika. Ufulu umene anandibwezera ndi womwewo: kupuma utsi, osanena kanthu. Ndikuudabe mpaka lero.