Thandala la Apongozi Anga

Ndine mkamwini, ndipo bodza langali linayambira pomwepo.

Gulu lathu la oyanika matemba pa Kachulu linandipempha kuti ndikonze kapulogalamu kogawa mathandala, anthu aleke kukangana kuti lero ayanike ndani. Ndinakakonza pa laputopu mongodinadina, osalemba khodi. Koma mkatimo ndinabisamo kalamulo kamodzi: apongozi anga, mayi Nasiyaya, akapempha thandala azikhala oyamba. Pachikamwini munthu umachita kudzigulira mtendere.

Tsiku lina apampando a gulu, mayi Chikopa, anati tilumikize AI yoti izitiyankha pa foni. Kuti AI imvetse kapulogalamuko, ndinadina batani loti makina alembe okha malongosoledwe a zonse zili mkatimo. Osawerenga n'komwe, ndinapereka laputopu kwa apampando pamsonkhano, ndikudzimva ngati katswiri.

Iwo anawerenga mokweza, uku akumasulira pang'onopang'ono: "Akapempha thandala mayi Nasiyaya, ena onse adikire."



"Achimwene, izi n'chiyani?" anandifunsa apampando.

"AI imapeka zinthu, mayi," ndinatero, thukuta lili kamukamu. "Mwina yaona kuti ndi achikulire."

Anandiuza kuti ndichotse kalamuloko, ine n'kukachotsadi anthu onse akuona, apongozi anga ali pomwepo. Chimene chikundiwawa mpaka lero n'chakuti apongoziwo bodza lija analikhulupirira. Kuchigayo, kutchalitchi, mu minibasi ya ku Zomba, amangouza aliyense kuti:

"Makina aja ali ndi ulemu, anandidziwa kuti ndine wamkulu. Amene anafufuta dzina langa ndi mkamwini wangayu."